Gogoda inayambira pa kavalo: mbiri ya nsapato imene yatikanganitsa pabanja

Masabata awiri apitawo mwana wa akulu anga anabwezedwa ku ntchito chifukwa cha nsapato. Amalandira alendo pa ofesi ina m'tauni muno mu Lusaka, ndipo amakhala ku Kanyama. Amene mumaidziwa Kanyama nthawi ya dzinja mukudziwa mmene atsikana a kumeneko amapitira ku ntchito: kumapazi majombo kapena patapata, gogoda ili m'chikwama yokulungidwa mu pulasitiki, kudzaivala akafika pa geti. Tsikulo poitulutsa anapeza chidendene chimodzi chaguluka. Analowa ndi nsapato zafulati zakuda, zopolisha bwino, zimene amasunga pansi pa desiki. Isanakwane 9 koloko anali atauzidwa kuti abwerere kunyumba akavale zoyenera.

Anandiimbira foni mawu akunjenjemera. "Amayi aang'ono, ndalakwa chiyani? Mnyamata amene timaima naye pa desiki imodzi amavala zafulati chaka chonse."

Madzulo ake nkhani inali itafika pa gulu lathu la banja la pa WhatsApp. Achimwene anga aakulu, amalume ake a mwanayo, anati ntchito ili ndi malamulo ake, mkazi wa mu ofesi amadziwika ndi gogoda, ndipo zakhala choncho kuyambira kale. Azakhali athu, amene ndi a chigwirizano ku mpingo, anagwera mbali ina. Iwo anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, nsapato zimenezo n'zodzionetsera, mkazi wodzilemekeza asazilirire. Anthu awiriwa ankatsutsana, komabe onse ankagwirizana kuti gogoda ndi nsapato ya akazi chiyambire. Mawu akuti "kuyambira kale" ndi amene andichititsa kulemba.

Umboni wakale umene akatswiri ambiri amauvomereza uli pa mbale. Ndi mbale yadothi ya ku Nishapur, m'dziko la Persia, limene lero timalitcha Iran, ya m'zaka za m'ma 900, ndipo anajambulapo mwamuna ali pa kavalo atavala nsapato ya chidendene chotuluka. Wokwera kavalo amaponda pa tizitsulo tiwiri tolendewera m'mbali mwa chishalo. Msilikali wa ku Persia akafuna kuponya muvi kavalo ali pa liwiro ankaimirira pa tizitsuloti, manja onse awiri ali pa uta, ndiye chidendene chinkakola pa chitsulo kuti phazi lisapulumuke. Chinali chida cha ntchito. Mpaka lero majombo a oweta ng'ombe okwera akavalo ku America ali ndi chidendene pa chifukwa chomwecho.

Zambiri mwa izi zinatchuka kudzera mwa Elizabeth Semmelhack wa ku Bata Shoe Museum ku Toronto, nyumba yosungira nsapato zakale imene Sonja Bata anatsegula mu 1995. Inde, ndi banja lomwe lija la Bata kumene ambirife tinaguliridwa nsapato za sukulu. Nkhani zambiri za pa intaneti zimangobwereza zimene mayiyu ananena, choncho mukaona masamba khumi akunena chimodzimodzi, musaganize kuti ndi mboni khumi. Koma mbaleyo ilipo, zojambula zakale zilipo, ndipo nsapato zenizeni za ku Persia za m'ma 1600 zinasungidwa.

Pali nkhani ina yofala yoti Catherine de Medici, mtsikana wamfupi wa ku Florence, ndiye anabweretsa gogoda ku France pokakwatiwa mu 1533. Imakoma m'khutu, koma palibe umboni wa m'nthawi yake umene unapezeka woichirikiza, ndipo chidendene chenicheni chimayamba kuoneka ku Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Zimene akazi olemera a ku Venice ankavala zinali zina, zotchedwa chopine: nsapato yokwezedwa yonse kuyambira ku zala mpaka kumbuyo, ngati munthu waima pa mtondo wozondotsa. Zina zinkafika masentimita 50, moti wovalayo ankayenda atagwiriziridwa ndi antchito.

Chaka chimene chimatchulidwa kwambiri pa za kufika kwa chidendene ku Ulaya ndi 1599. Mfumu ya Persia, Shah Abbas I, inali ndi gulu lalikulu la asilikali a pa akavalo komanso mdani mmodzi ndi mafumu a ku Ulaya, amene anali ufumu wa Ottoman wa ku Turkey. Inatumiza nthumwi motsogozedwa ndi Huseyn Ali Beg, limodzi ndi Mngelezi wina, Anthony Shirley, kuti zikapemphe mgwirizano wa nkhondo. Ulendo wake unali wautali zedi. Anadutsa ku Moscow, anazungulira pa nyanja ya kumpoto n'kutsikira ku Germany, anakaonana ndi Rudolf II ku Prague mu 1600, kenako Papa Clement VIII ku Rome ndi Philip III wa ku Spain mu 1601. Mgwirizano wa nkhondo uja sunaphule kanthu kwenikweni. Chimene chinatsala ndi chidwi cha anthu apamwamba pa zinthu za ku Persia. Kunena kuti nthumwi zimenezi zokha ndizo zinabweretsa chidendene kungakhale kukokomeza, chifukwa amalonda ankayenda kale, ndipo asilikali a pa akavalo a ku Poland, Hungary ndi Turkey ankaoneka ku Ulaya nthawi zonse. Chosatsutsika n'chakuti m'zaka zoyambirira za m'ma 1600 amuna olemekezeka a ku Ulaya anayamba kuvala zidendene, ndipo ankazivala kuti aoneke amuna enieni, ankhondo, eni akavalo.

Misewu ya Paris ndi London nthawi imeneyo inali ya matope, ndipo chidendene chinkatitimira monga chimachitira pa njira za ku Chawama mvula ikagwa. Osoka nsapato ena anayamba kumata kathabwa kafulati pansi, kolumikiza chidendene ndi kutsogolo, kuti bwana asamire. Chidendene chinavutitsanso amisiri mwa njira ina: kusema zikombole ziwiri, cha kumanja ndi cha kumanzere, kunali kodula, moti kwa zaka pafupifupi 200 nsapato zambiri zinkasokedwa zofanana, zopanda lamanja ndi lamanzere. Koma kuvuta kwakeko ndiko kunali phindu lake. Munthu woyenda pa zidendene zazitali ankalengeza kuti iye salima, sasenza katundu, sayenda mtunda. Anthu wamba atayamba kutengera, olemera anangowonjezera kutalika.

Akazi analowamo mochedwerapo, ndipo analowamo potengera amuna. Cha m'ma 1630 kunabuka fasho yoti akazi apamwamba azivala zachimuna: kudula tsitsi, kuvala zipewa za amuna, kusuta kaliwo, ndi kuika zidendene ku nsapato. Gogoda ya mkazi inayamba ngati kubwereka ulemu wa mwamuna.

Kenako kunabwera Louis XIV wa ku France, amene analamulira kuyambira 1643 mpaka 1715. Pa chithunzi chake chotchuka chimene Hyacinthe Rigaud anajambula mu 1701, mfumuyo, ili ndi zaka zoposa 60, yaima mwendo uli poyera, kuphazi kuli nsapato ya chidendene chofiira. Utoto wofiira unali wodula, ndipo chidendene chofiira chinasanduka chizindikiro cha anthu a ku bwalo la mfumu. Mabuku ambiri amati mfumuyo inachita kuika lamulo m'ma 1670 kuti ena onse asavale, ngakhale olemba mbiri amasiyana pa mphamvu imene lamulolo linali nayo. Ambiri amanenanso kuti inkavala chifukwa inali yaifupi. Zimenezi sizikundikhutiritsa, pakuti Charles II wa ku England, amene anali wamtali kuposa masentimita 180, nayenso anajambulidwa atavala zidendene zofiira. Nkhani inali ya udindo.

Pamene zinthu zinatembenukira, m'kuona kwanga, ndi zaka makumi angapo zotsatira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 zidendene zinayamba kusiyana: cha mwamuna chachifupi, chonenepa, cholimba, cha mkazi chowonda, chopindika, cholowa m'kati mwa phazi kuti pansi pa diresi lalitali phazi lizioneka laling'ono. Nthawi yomweyo anthu ophunzira a ku Ulaya anayamba kuphunzitsa kuti mwamuna amayendera nzeru ndi kulingalira, kaya anabadwira kwa mfumu kapena kwa wamalonda, pamene mkazi, m'kunena kwawo, amangoyendera mtima ndi zokongola. Mwamuna wofuna kuoneka wanzeru anayenera kuvula chilichonse chosathandiza: ndolo, nsalu zowala, zidendene. Pofika cha m'ma 1740 amuna anali atazisiya, kupatula pa kavalo. Mu 1930 katswiri wa maganizo a anthu, J. C. Flügel, anadzapatsa kusinthaku dzina lake, kuti ndi nthawi imene amuna anakana kudzikongoletsa.

Taonani zimene zinachitika apa. Nsapato ndi yomweyo. Ili kuphazi kwa mwamuna inkatanthauza mphamvu ndi ulamuliro. Itatsala kuphazi kwa mkazi yekha, anthu omwe aja anayamba kuiloza ngati umboni woti akazi saganiza bwino, amavala zowapweteka. Mawu a achimwene anga ndi mawu a azakhali onse awiri mizu yake ili m'zaka zimenezi, wina kufuna kuti mkazi avale kuti aoneke mkazi, wina kumudzudzula chifukwa wavala.

Zotsatira ndidutsamo msanga. Anthu ataukira ufumu ku France mu 1789, chilichonse chonunkha ufumu chinatayidwa, ndipo akazi nawonso anavala zafulati kwa zaka pafupifupi 50. Chidendene chinabwerera m'katikati mwa zaka za m'ma 1800, nthawi yomwe kamera inkafala, ndipo Semmelhack amati zithunzi za akazi zogulitsidwa kwa amuna ndi zimene zinamangiriza nsapatoyi ku chilakolako. Gogoda yowonda ngati pensulo, imene dzina lake lakuti stiletto linachokera ku kampeni ka ku Italy, inatheka m'ma 1950 amisiri atayamba kuika kachitsulo m'kati mwa chidendene. Woyambitsa weniweni amamulimbirana: ena amati Roger Vivier amene ankasokera Christian Dior, ena Salvatore Ferragamo, enanso André Perugia. Ndipo kufiira kwa Louis XIV kunabwereranso m'ma 1990 pansi pa nsapato za Christian Louboutin.

Zimene zinagwera mwana wa akulu anga zinagwerapo ena. Mu Disembala 2015, Nicola Thorp anabwezedwa pa tsiku lake loyamba la ntchito yolandira alendo ku London, wosalipidwa, chifukwa anakana kukagula nsapato ya chidendene cha masentimita 5 mpaka 10. Pempho lake loti boma liletse kukakamiza akazi kuvala gogoda pa ntchito linasainidwa ndi anthu oposa 150,000 ndipo linakambidwa ku nyumba ya malamulo mu Marichi 2017, koma boma la Britain linati malamulo amene analipo ndi okwanira. Chaka chomwecho chigawo cha British Columbia ku Canada ndi dziko la Philippines analetsa olemba ntchito kukakamiza akazi kuvala gogoda. Ku Japan mu 2019, Yumi Ishikawa, amene ankaima maola ambiri pa ntchito yake ya pa nyumba ya maliro, anayambitsa KuToo, dzina losewera ndi mawu awiri a Chijapani otanthauza nsapato ndi ululu. Nduna ya za ntchito ya nthawiyo, Takumi Nemoto, inayankha kuti anthu amaziona kuti n'zofunika ndi zoyenera pa ntchito. Kuno kwathu tili ndi Gender Equity and Equality Act ya 2015 ndi Employment Code Act ya 2019, zimene zimaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa ndi mkazi kapena mwamuna, ndipo wofuna kudandaula angayambire pamenepo.

Sindikufuna kuwalakwira amene amaikonda gogoda. Ndinaona mtsikana wa kwathu ku Chipata akukwera pa nsanja kukalandira digiri yake atavala mahilu amene anasankha yekha pa mulu wa salaula ku msika wa Soweto, atayesa mapeya asanu ndi limodzi ataima pa katoni. Kugogoda kwa nsapato ija pa simenti kunali kwake, ndipo amayi ake analira ndi chimwemwe. Pa kitchen party iliyonse mu Lusaka muno mupeza amayi atatchena chitenge chosokedwa bwino ndi gogoda, akuvina mpaka kuivula n'kuigwira m'manja. Ameneyo amavula akafuna. Amene waima pa desiki kuyambira 8 koloko mpaka 17 koloko sangavule, pamene thupi lonse latsamira pa zala, katumba wakungika, msana ukuwawa, ndipo madzulo akuyenera kuthamangira basi ku City Market.

Loweruka tinapita ndi mwana wa akulu anga uja kwa bambo wina wosoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Anachitembenuza chidendene chija, anachotsa timisomali titatu topindika ndi pulayala, anapaka guluu, n'kukhomera tatsopano nsapato itavekedwa pa chitsulo chake. Anasinthanso kamphira ka kunsonga kamene kanali katadyeka mpaka chitsulo kuonekera. "Mwanangu, izi sizoyendera mtunda," anatero pomupatsa.

Usiku womwewo akulu anga anafukula chithunzi chakale m'sutikesi n'kuchiponya pa gulu lija. Ndi cha m'ma 1970, chojambulidwa mu situdiyo ina ku Matero: achimwene ali mnyamata, tsitsi lili nyankhalala, buluku lotambalala kumiyendo, kuphazi nsapato za pulatifomu zazitali kuposa gogoda ya mwanayu. Achimwene anayankha m'mawa mwake kuti nsapato imeneyo anaigula ndi malipiro awo oyamba, ndipo inawathyola kakolo pa dansi. Kenako anafunsa ngati mwanayo walemba kale kalata yodandaula ku ntchito kwake, kuti aione asanaipereke.

Lolemba mwanayo anapita ku ntchito kalata ili m'chikwama, pamodzi ndi gogoda yokonzedwa ija mu pulasitiki yake.