Chithunzi cha Washington chimene Gilbert Stuart sanachimalize

Pa 9 July 2028 zidzakwana zaka 200 chimwalirireni Gilbert Stuart, mmisiri wojambula nkhope za anthu ndi utoto, amene chithunzi chake cha George Washington, mtsogoleri woyamba wa dziko la America, ndi chomwe chinabala nkhope ili pa ndalama yapepala ya dola imodzi ya ku America. Pamene tsikuli likuyandikira, mlandu wakale umene anthu akhala akumuzenga uyenera kuunikidwanso: wakuti anapatsidwa ntchito ndi banja la mtsogoleri wa dziko, koma anaisiya dala yosamaliza kuti azidyerapo.

Stuart anabadwa mu 1755 ku Rhode Island, m'nyumba imene bambo ake ochokera ku Scotland ankaperamo fodya wofwenkha. Anaphunzira luso lake ku London kwa Benjamin West, natchuka mu 1782, koma ndalama sizinkakhalitsa m'manja mwake, ndipo mu 1787 anathawira ku Dublin chifukwa cha ngongole. Kumenekonso anakongola, ndiye mu 1793 anabwerera kwawo ku America ndi cholinga chimodzi, chojambula Washington.

Atapeza kalata yomudziwitsa kwa Washington kuchokera kwa John Jay, mmodzi mwa akuluakulu a boma la America panthawiyo, anajambula mtsogoleriyo koyamba ku Philadelphia mu 1795. Chaka chotsatira Martha, mkazi wa Washington, anapempha zithunzi ziwiri, chake ndi cha mwamuna wake. Pa cha mwamunayo Stuart anamaliza nkhope yokha, kuphatikizapo mlomo wofufuma chifukwa cha mano oikirira, anapaka utoto pang'ono kuzungulira mutu, ndipo mbali yotsala ya chinsalucho anaisiya yoyera. Sanachipereke. Anachisunga mpaka imfa yake, akumakopera pamenepo zithunzi zina zimene ankagulitsa pa madola 100 chimodzi. Chiwerengero cha zithunzi zokoperazo olemba mbiri sagwirizanapo. Ambiri amati zinali pafupifupi 75, pamene ena amatchula zoposa 100.

Pa funso lakuti anachisunga mwachinyengo kapena ndi chilolezo, maumboni ndi osiyana. Nkhani yofala imati Martha ankachifuna chithunzicho, koma mmisiriyo ankazemba ponena kuti sichinathe. Jane, mwana wamkazi wa Stuart, analemba mu 1876 kuti Washington mwiniwake anavomera kuti bambo ake achisunge. Umboni wa Jane ndi wofunika kuusamala, pakuti iye anabadwa zinthuzi zitachitika kale ndipo ankateteza dzina la kholo lake. Komabe nkhani inayo nayonso inayenda pakamwa nthawi yaitali isanalembedwe.

Chimene oweruza Stuart kawirikawiri amachilumpha ndi momwe malamulo analili. Lamulo la ku America la mu 1790 loteteza umwini wa ntchito linkakhudza mabuku ndi mapu, osati zithunzi zojambula ndi utoto, choncho chithunzi chikangochoka m'manja mwa mmisiri, aliyense ankatha kuchikopera. Stuart anaziona yekha. Chithunzi chake china chachikulu cha Washington, chimene mpondamatiki wa ku America William Bingham anachitumiza ngati mphatso kwa wandale wa ku Britain Lord Lansdowne, chinakoperedwa ku London ndi mmisiri wina, James Heath, mu 1800, n'kusindikizidwa chambiri popanda chilolezo cha mwini luso, dzina lakenso litalembedwa molakwika kuti Gabriel. Mu 1802 anakasuma kukhoti woyendetsa sitima yapamadzi John Sword, amene anatengera chithunzi chake china cha Washington ku Canton ku China n'kukachijambulitsa pa magalasi kuti adzagulitse ku America, ndipo apa pokha khoti linaletsa malondawo. Kwa munthu wa banja lalikulu ndi ngongole zosatha, chinsalu chosamalizacho chinali chuma chokhacho chimene wina sakanamulanda, ngakhale ziyenera kunenedwa kuti chizolowezi chozengereza ntchito anali nacho ndithu, ndipo makasitomala ena anamudikira zaka zambiri.

Anamwalirira ku Boston ali wosauka, naikidwa m'manda opanda chizindikiro. Mu 1831 zithunzi ziwiri zija, cha George ndi cha Martha, zinagulidwa pa madola 1,500 n'kuperekedwa ku Boston Athenaeum, bungwe losunga mabuku la ku Boston. Mu 1979 bungweli litafuna kuzigulitsa ku National Portrait Gallery, nyumba yosungiramo zithunzi ya mumzinda wa Washington, pa madola 5 miliyoni, anthu a ku Boston anakana kwamtuwagalu, ndipo mu 1980 anagwirizana kuti zikhale za National Portrait Gallery pamodzi ndi Museum of Fine Arts ya ku Boston, zizisinthana pakati pa mizinda iwiriyo.