Bowa wa utsi wa ku Nevada ndi ana obwera kudzaona

Mumzinda wa Las Vegas, m'dera la Nevada ku America, pamsewu wa Flamingo, kamtunda pang'ono kuchokera kumahotela a juga, muli nyumba yosungiramo mbiri ya mabomba a nyukiliya. Inatsegulidwa mu 2005, ndipo ambiri amaidziwa ndi dzina lakuti National Atomic Testing Museum. Ena mwa alendo ake ndi makolo amene amaphunzitsa okha ana awo pakhomo osawatumiza kusukulu, chizolowezi chimene chili ndi otsatira ambiri ku America. Mabanja angapo amapangana tsiku, n'kubwera ndi ana kuti phunziro la mbiri alione ndi maso. Anawo sachedwa kuthamangira m'chipinda chotchedwa Ground Zero Theater: mumakhala pabenchi, kuwala kumati ng'ani, benchi n'kunjenjemera, chimphepo n'kukuwombani kumaso ngati bomba laphulikadi chapafupi.

Koma chipululu chenichenicho chimene ankayeserako mabombawo chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 105 kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu. Mu December 1950 Pulezidenti Harry Truman anavomereza kuti mabomba aziyesedwa kumeneko, chifukwa kunyamula asilikali ndi zipangizo mpaka kuzilumba za Marshall, kumene ankayesera poyamba, kunali kutali komanso kodula. Pa 27 January 1951 ndege inaponya bomba loyamba pachigwa cha Frenchman Flat. Pofika mu 1992 anali atayesa maulendo 928. Mwa amenewa, 100 anaphulitsira poyera, 828 pansi panthaka, makamaka pangano la mu 1963 litaletsa zoyesera mumlengalenga. Bomba limodzi lokha, la Sedan mu July 1962, linakumba chidzenje chozama mamita pafupifupi 100.

Las Vegas inasandutsa zonsezi malonda. Anthu ankachezera usiku m'mahotela kudikira kuwala kwa m'bandakucha ndi utsi wotumphuka ngati bowa, chakumwa chili m'manja.

Apa ndi pamene ine ndimafuna kholo liime kaye ndi ana ake. Akuluakulu oyesa mabomba ankadikira kuti mphepo ilowere kum'mawa kapena kumpoto, kusiya Las Vegas ndi Los Angeles kumbuyo. Kumene mphepoyo inkapita kunalinso anthu: alimi ndi oweta ziweto a kumwera kwa Utah, Nevada ndi Arizona. Pa 19 May 1953 bomba lotchedwa Harry linathira fumbi lapoizoni m'tawuni ya St. George ku Utah. Chaka chomwecho nkhosa zikwizikwi zinafa m'dera la Cedar City ku Utah komweko, zina zikubereka ana opunduka kapena akufa kale. Boma linauza eni ake kuti ndi kuzizira komanso kuperewera kwa msipu. Iwo anakasuma, mlandu unawagomera mu 1956. Mu 1982 woweruza yemweyo, A. Sherman Christensen, atawunikanso zikalata, ananena kuti boma linanamiza khoti. Khoti la apilo linakana chigamulo chake, ndipo oweta nkhosa aja sanalandire kanthu.

Njira imene poizoniyu ankafikira ana ndi yomvetsa chisoni kwambiri, chifukwa inadzera m'chikho cha mkaka. Fumbi lokhala ndi poizoni wotchedwa iodine-131 linkagwera paudzu, ng'ombe ndi mbuzi n'kudya, mayi n'kukama, mwana n'kumwa, poizoniyo n'kukaunjikana m'chithokomiro. Patapita zaka, khansa inayamba kulowa khomo ndi khomo. Anthuwa amadzitcha downwinders, kutanthauza okhala kumene mphepo imalowera. Chipukuta misozi chinabwera mochedwa, mu 1990, pamene nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lopereka madola 50,000 kwa wodwala khansa zina amene ankakhala m'maboma osankhidwa. Ambiri anali atagona kale.

Palinso nkhani ya malo. A mtundu wa Western Shoshone, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America, amati chipululuchi ndi chawo, ndipo amaloza pangano la Ruby Valley la mu 1863, limene linalola anthu a boma kudutsa ndi kukumba miyala koma silinanene kuti malowo aperekedwa. M'zaka za m'ma 1980 iwo pamodzi ndi anthu otsutsa zida za nyukiliya ankasonkhana pachipata cha ku Mercury, polowera kumalo oyesera mabombawo, ndipo zikwi za anthu zinamangidwa chifukwa chodumpha malire.

Nyumba ya ku Flamingo ija inakhazikitsidwa ndi bungwe limene ambiri mwa oliyambitsa anagwirapo ntchito kuchipululuko, anthu okhulupirira ndi mtima wonse kuti thukuta lawo linaletsa nkhondo ndi Soviet Union. Sindiwanyoza. Anakumba ngalande zakuya, ena mwa iwo anadwalanso. Koma mkangano wakhalapo chitsegulireni nyumbayi: a downwinders akhala akudandaula kuti zida ndi luso zapatsidwa malo aakulu, maliro awo n'kupatsidwa kangodya. Kholo lophunzitsa pakhomo lili ndi mwayi umene mphunzitsi wobwera ndi basi alibe, chifukwa palibe belu lomuthamangitsa. Kuchokera ku Las Vegas kukafika ku St. George ndi maola awiri okha pagalimoto.