Ophika aluso, ntchito ya kunja sagula

Ndakhala ndikulemba anthu ntchito m'mahotela kwa zaka zambiri, ndipo mawu awa ndatopa nawo: "Ajenti akuti ndilipire kaye, ndipite pa viza yokacheza, mapepala tikakonza komweko." Ayi abale anga. Viza yokacheza ndi yokacheza basi. Ku United Arab Emirates kugwira nayo ntchito ndi mlandu, ndipo lamulo lawo la ntchito la 2021 limaletsa bwana kulipiritsa wantchito ndalama zomulembera. Pangano nambala 181 la 1997 la ILO, bungwe la dziko lonse loona za ntchito, nalonso limati ajenti asamalipiritse ofuna ntchito. Ndiye mukulowerenji m'ngongole?

Pali mtsikana wina amene mpaka lero amandisowetsa tulo. Anafika ku ofesi kwanga madzulo, zala zitang'ambikang'ambika ndi sopo wotsukira mapoto. Anati ndi wophika makeke, ndiye tinamulowetsa kukhitchini kuti timuone. Atayamba kupinda mtanda wa croissant, shefu wathu wamkulu anaika mpeni pansi n'kungoima chilili. Luso lotere timalisaka miyezi osalipeza. Koma pasipoti yake inali m'manja mwa ajenti, viza inali itatha kalekale, chindapusa chikukwera tsiku ndi tsiku. Sindinathe kumulemba. Nditamufunsa chifukwa chomwe anakhalira chete nthawi yonseyo, anati ajenti ankangomuuza kuti sabata yamawa. Akanabwera viza isanathe, bwenzi titamufunsira chilolezo cha ntchito ife eni.

Za masatifiketi aukhondo wa chakudya sindikambapo, wophika weniweni amazidziwa. Chimene ambiri sachita ndi kufufuza. Wina akakulonjezani ntchito ku London, dziwani kuti viza ya anthu aluso, yotchedwa Skilled Worker, imafuna Certificate of Sponsorship, umboni wakuti mwapatsidwadi ntchito, yochokera kwa bwana wovomerezeka, ndipo mndandanda wa mabwanawo uli poyera pa webusaiti ya boma la UK. Komanso kuyambira Julaye 2025 malamulo kumeneko anakhwima, moti wa pa Facebook amene akuti zonse n'zosavuta akukunamizani.

Musakwere ndege musanaone kontrakiti yolembedwa, yotchula udindo, malipiro, maola ndi pogona. Imbirani hoteloyo nokha pa nambala yomwe mwaipeza nokha, osati imene ajenti wakupatsani. Ndipo munthu akakulandani pasipoti ati akusungireni, pitani ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche.