Giya ikamaphonya, siyani nyundo, yambani mwaona waya

Mawu amene ndatopa kuwamva pashedi panga ndi akuti, "Habu yafa iyi, ingochotsani muikepo wilo wamba." Munthu amanena zimenezi atakankha njinga kuchokera ku Chilomoni kapena ku Bangwe, thukuta lili kamukamu, maganizo atamanga kale. Ndikagwada n'kuyang'ana, nthawi zambiri habuyo, chitsulo chonenepa cha pakati pa wilo chija, ilibe mlandu. Waya ndiye watamuka, kapena wachita dzimbiri m'kati mwa chikuto chake, kapena wina anachotsa wilo pomata chubu n'kulibwezera mwachisawawa. Zoterezi zimakonzeka ndi zala ziwiri. Koma zina zimandipeza zitadutsa kale m'manja mwa anthu a nyundo, ndipo zikatero habu imakhala yafadi.

Ndikunena za njinga zimene magiya ake sawoneka, anabisala m'habu ya kumbuyo. Mu Blantyre muno zilipo zambiri tsopano. Pali zakaunjika zochokera ku Japan, zija za kabasiketi kutsogolo, zimene zambiri mwa zamagiya zili ndi habu ya Shimano Nexus ya magiya 3. Pali zija zinali za anthu operekera makalata a Royal Mail ku Britain, zimene a bungwe la Krizevac Project anatumiza ku bungwe la Beehive ku Chilomoni, ndipo pa izi mumapeza kwambiri habu ya Sturmey-Archer ya magiya 3 ndi mabuleki a m'habu momwe. Ndiye pali ma Raleigh akale a agogo athu okhala ndi Sturmey-Archer AW, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1936 ku Nottingham. Pukutani habu yotereyi ndi kansanza, mupeza chaka ndi mwezi umene inapangidwa zitadindidwa pachitsulo. Zina n'zazikulu kuposa eni ake, koma zikusinthabe magiya bwinobwino chifukwa palibe anazitsegula.

M'katimo muli timagiya tozungulira giya ina yomangidwa ku ekiselo, komanso tizitsulo tokola timene timatukulidwa ndi tisipuling'i topyapyala ngati tsitsi. Chimene chimasankha giya ndi pamene waya wayima, basi. Akasuntha pang'ono chabe kuchoka pamalo ake, zitsulo zimene zimayenera kulumana kwathunthu zimangogwirana nsonga. Mukaponda mwamphamvu zimaphonya, kha! N'chifukwa chake opanga anaika chizindikiro kunja, choti aliyense aone ndi maso. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri okonza njinga sanachiyang'anepo n'kamodzi komwe.

Pa Nexus ya magiya 3, ikani chosinthira pa 2. Kumapeto kwa ekiselo, mbali ya tcheni, kuli kabokosi kamene waya amalowamo, ndipo kali ndi kawindo. M'kawindomo muona kachitsulo kachikasu ndi timizere tiwiri. Kachikasuko kakhale pakati pa timizereto. Ngati kali kunja, masulani kanati kotsekera pamene waya akulowera, zunguzani chokokera wayayo ndi zala mpaka kalowe pakati, mumangenso kanatiko. Zina zakale zilibe kawindo kotere, zili ndi kamzere kofiira pa kandodo kolowa mu ekiselo, ndipo kamzereko kafanane ndi mapeto a ekiselo. Pa Nexus ya magiya 7 kapena 8, giya yoyezera ndi 4, ndipo timizere tiwiri tili pafupi ndi sipuroketi, kachitsulo kamano kamene tcheni chimayendapo kumbuyo, tiyang'anizane ndendende.

Sturmey-Archer ndi ija imatulutsa katcheni kakang'ono mu ekiselo. Nayonso mumayezera pa giya 2. Nati yaitali ya mbali ya tcheni ili ndi kabowo m'mbali. Suzumirani, ndipo pamene kandodo kolumikizidwa ku katcheniko kathera pafanane ndi mapeto a ekiselo. Zatsopano zina anaikapo kautoto pamenepo. Kandodoko kamalowa ndi mazinga. Mumakapotokola ndi zala mpaka kafike, kenako n'kukabweza osaposa theka la mzungulo kuti katcheni kayang'ane kwa waya. Ndaonapo kangapo wina atakamanga ndi pulayala mpaka kudukira m'kati. Mukamaliza, yesani: pa giya 3 waya akhale wokhwepa pang'ono, pa giya 1 akhale wokungika koma katcheni kathe kukokekabe pang'ono ndi zala.

Njinga ikangokakamira giya imodzi, imakhala yakuwuzani kale kumene kuli vuto. Sturmey-Archer waya akaduka kapena kumasuka imathawira pa giya 3, yolemera ija, ndipo mwini wake amadandaula kuti njinga yamumaliza mawondo. Nexus ya magiya 3 imachita zosiyana, imakhala pa giya 1, mapedulo n'kumangozungulira njinga osapita patali. Zonse ziwirizi si matenda a m'kati. Ngati giya ikukwera bwino mbali imodzi koma ikuchedwa kubwerera, waya akukakamira m'chikuto. Habu ilibe chokankhira wayayo china kupatula sipuling'i yake, ndiye dzimbiri la nyengo ya mvula kapena fumbi la mu Okutobala zimaigonjetsa msanga. Sinthani waya ndi chikuto chomwe, zonse pamodzi. Waya watsopano m'chikuto chakale n'kutaya ndalama.

Nkhani imene imandipwetekabe mtima ndi ya mayi ena a ku Machinjiri ogulitsa mandasi ndi thobwa. Njinga yawo inali ya ku Japan, yabwino ndithu, yowagulira mwana wawo amene ali ku Joni. Tayala la kumbuyo linaphwa, anakamatitsa pansi pa mtengo wina. Womatayo anachotsa kabokosi kaja, n'kuchotsa wilo, n'kuligoneka chammbali. Tsono mu ekiselo ya Nexus 3 muli kandodo kachitsulo kamene kabokosi kamakankha posintha giya, ndipo sikomangidwa ndi chilichonse. Wilo likapendekeka, kamangosolomoka. Kanagwera m'fumbi popanda woona. Njinga inabwerera kunyumba ili pa giya 1 yokha.

Atabwerera kukadandaula, mnyamatayo anaona kabowo kopanda kanthu, anadula sipoko n'kulowetsamo. Maganizo anali olondola, muyezo ndiwo unalakwika. Tindodo timeneti tili ndi utali wosiyanasiyana molingana ndi ekiselo, ndipo sipoko yodula ndi pulayala singafanane nato. Magiya anayamba kugwira theka, kumalira ndi kuphonya pa chitunda chilichonse. Mayiwo anapalasabe choncho kwa nthawi yaitali, poti malonda sadikira. Kenako wina anawauza kuti vuto lili m'kati, anatsegula habu pa chiguduli, tisipuling'i tina tinasowa, anadzazamo girisi wokhuthala wa magalimoto. Itakana, anaitengera kwa wowotcherera kuti agwirizanitse zam'kati ikhale ya giya imodzi. Moto unapindika zotsala.

Anandipeza atanyamula zitsulo m'kajumbo. "Achimwene, akuti inu mumazitha izi." Ndinakhuthulira patebulo, ndinaona mano oswekasweka ndi chitsulo chakuda ndi moto. Ndinati, "Mayi, pepani, apa palibe chobwezeretsa." Anandifunsa kuti nanga chinalakwika n'chiyani poyamba. Ndinatsegula chitini changa cha zidutswa n'kuwaonetsa kandodo kotere, kosatalika kuposa chala changa chapakati. Anakayang'ana nthawi yaitali. Anangoti, "Kameneka basi?" Tinamangamo wilo wamba chifukwa ndi limene akanakwanitsa, ndipo zitunda za ku Machinjiri amazikwera chokankha, chigubu cha thobwa chili pa keliyala.

Ndiye mukamapereka njinga yotereyi kuti amate chubu, imani pomwepo muone. Chubu chimamatika wilo osachotsa, mumangotulutsa mbali yoboka. Ngati wilo likuyenera kuchokadi, kandodoko kasungeni m'thumba lanu. Penyaninso mawasha okhuthala aja okhala ndi kalilime kolowa mu fulemu. Si okongoletsa. Pa giya 1 ndi giya 3 ekiselo imafuna kuzungulira yokha, ndipo mawasha amenewa ndiwo amaigwira. Akatayika n'kuikapo washa wamba, ekiselo imapotokoka, imadya fulemu, waya n'kusokonekera. Manati nawo amangidwe zolimba, ndipo wilo likabwerera, yezaninso giya pa chizindikiro chija, chifukwa wilo likasuntha muyezo wa waya nawo ukhoza kusuntha.

Kuzengereza n'kumene kumapha mahabu ambiri kuposa ukalamba. Giya ikaphonya kamodzi, nsonga za tizitsulo tokola zimabenthuka pang'ono. Zibenthuzo sizituluka, zimazungulira m'katimo n'kumadya zina. Lero n'zokonza ndi zala, mwezi wamawa n'zofuna zam'kati zatsopano, ndipo zam'kati za mahabu amenewa simungozipeza pa benchi iliyonse mu msika wa Limbe kapena wa Ndirande. Nthawi zambiri timachita kuphwasula habu ina yakale. Pali ndi ngozi ya thupi lanu. AW yakale ili ndi malo pakati pa giya 2 ndi giya 3 pamene mapedulo sagwira kalikonse. Waya akatamuka, njinga imagwera pamenepo mosachenjeza. Mukhale mwayimirira pa mapedulo mukukwera chitunda, minibasi ili kumbuyo kwanu mu Chipembere Highway, phazi lingopita pansi mwadzidzidzi. Amene zinawachitikira safuna kuzikamba.

Kasinthidwe ka magiya nakonso anthu ambiri amalakwitsa, makamaka ozolowera njinga za magiya a kunja, zimene zimafuna kuti uzipalasa posintha. Izi n'zosiyana. Pepusani phazi, kapena siyani kupalasa kaye pang'ono, sinthani, pitirizani. Mukhoza kusintha ngakhale mutaima pa maloboti, ndipo ubwino wake waukulu ndi umenewo. Mukasintha mukuponda ndi mphamvu zonse pakati pa chitunda cha ku Soche, habu imakana, kapena imalola mochedwa ndi phokoso. Ambiri obwera kudzandiuza kuti giya 1 sikulowa, vuto lake limakhala phazi lawo.

Za girisi ndilankhule mosabisa. Girisi wokhuthala amamata tizitsulo tokola tija, tisipuling'i n'kulephera kutitukula, makamaka m'mawa wa chiperoni kukazizira. Mumapalasa, mapedulo n'kumazungulira pachabe kwa kanthawi, kenako n'kugwira mwadzidzidzi. AW yakale ili ndi kachivindikiro pakati pa habu. Mumathiramo timadontho tochepa ta oyilo woyera wopepuka nthawi ndi nthawi, osati oyilo wakuda wokhetsa m'galimoto, osatinso mafuta ophikira amene amauma n'kusanduka ulimbo. Nexus ilibe kachivindikiro koteroko. A Shimano amalangiza kuti zam'kati zizithiridwa mafuta ake nthawi ndi nthawi, makamaka ngati njinga imayenda kwambiri, ndipo imeneyi ndi ntchito ya munthu amene anatsegulapo habu yotere. Mufunseni kuti giya yoyezera ndi iti. Akayamba kukanda m'mutu, tengani njinga yanu muzipita. Madzi nawo ndi mdani. Musaitsukitse ndi paipi yamphamvu ya kotsukira magalimoto, ndipo musawoloke nayo mtsinje wa Mudi madzi akufika pa habu. Ngati inamira, ikaonedwe sabata yomweyo dzimbiri lisanagwire.

Wilo likamagwedera chammbali pa Sturmey-Archer, koni (nati yosongoka ya pa ekiselo yopanikiza timipira tachitsulo ta m'habu) yokonzera ndi ya kumanzere. Ya mbali ya tcheni ili ndi muyezo wake umene umagwira zam'kati zonse, ndipo kuimanga mwachisawawa kumafinya magiya. Ichi chokha chawononga mahabu ambiri m'manja mwa anthu odziwa bwino ntchito ya njinga wamba.

Nthawi yotsegula habu ilipo ndithu. Ngati chizindikiro chili pamalo ake, waya akuyenda mosakakamira, mawasha alipo, koma giya imodzi yomweyomweyo ikuphonyabe, kapena mukumva kukhukhuluzika wilo likamazungulira, pamenepo vuto lili m'kati. Koma musanafike poti m'kati, yang'anani tcheni. Tcheni chokhwepa kapena chokutha pa sipuroketi ya mano osongoka chimadumpha, ndipo kuphazi zimamveka chimodzimodzi ndi giya yophonya. Kusiyana kwake n'koti tcheni chimadumpha pa giya iliyonse mukaponda mwamphamvu, pamene habu yodwala imasankha giya.

Ena amabwera njinga ilibe vuto, akungoti ngakhale giya 1 ikulemera pa zitunda zathu zino. Akunena zoona. Pa AW giya 1 imapepusa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi okha poyerekeza ndi giya 2, ndipo kwa munthu wokwera ku Ndirande ndi thumba la chimanga n'zochepa. Mankhwala ake si kuchotsa habu. Werengani mano a sipuroketi ya kumbuyo. Ngati ali 16 kapena 18, ikani ya mano 20 kapena 22 ndipo muwonjezere tcheni pang'ono. Magiya onse atatu apepuka, kungoti pamalo athyathyathya liwiro lichepako. Sipuroketi zimenezi zili ndi timano titatu m'kati ndipo zambiri zimakwana pa Shimano ndi pa Sturmey-Archer pomwe. Imagwiridwa ndi kamphete ka sipuling'i kamene mumatukula ndi sikuludiraiva yaing'ono. Phimbani ndi kansanza pochotsa, chifukwa kamadumpha patali, ndipo musachitire ntchito imeneyi pafupi ndi ngalande.