Mwagwa pa sikuta ndipo mano sakulumana bwino? Musagone nazo kunyumba

Ine ndine namwino kuno ku England, wodi yathu ndi ya anthu ovulala nkhope ndi nsagwada, ndiye Loweruka usiku tinazolowera kulandira anyamata atagwirizira chibwano ndi thaulo lamagazi, ukafunsa zinatani akuti ndagwa pa sikuta. Masikuta amagetsi oyenda utaimirira aja, a Lime, a Voi, amene anayamba kubwereketsa m'matauni akuno mu 2020. Abale athu ambiri akuwakonda popita ku shifiti ndipo ine sindikuwadzudzula ayi, basi ya usiku imachedwa zoona.

Vuto lagona pa matayala. Ndi ang'onoang'ono kwambiri moti kadzenje komwe njinga ya kabaza ingangodutsa osamva, sikuta imaima pompo koma thupi lanu likupitabe pa liwiro la makilomita 25 pa ola, manja onse ali pa handulo, mpata wotchinjiriza palibe, choyamba kufika pa tara ndi chibwano kapena tsaya.

Chomwe anthu sadziwa n'chakuti fupa la nsagwada yam'munsi ndi lopindika ngati uta, likathyoka malo amodzi kawirikawiri limathyokanso pena. Mukamenyetsa chibwano mphamvu ija imayenda mpaka pa mfundo ili kutsogolo kwa khutu, pomwe fupa ndi lowonda, n'kuthyola pamenepo. Mnyamata wina anatipeza patatha masiku 4, bala la pachibwano anamata yekha pulasitala n'kumamwa panado, akuti ankayesa kutupa chabe. Chinamubweretsa ndi nsima, analephera kuitafuna, akatseka pakamwa mano akumbuyo amagundana koma akutsogolo kutsala mpata woti lilime n'kutulukira. Sikani ya CT inaonetsa kuti wathyoka mbali zonse ziwiri. Zinandikhudza kwambiri chifukwa ankaopa kujomba ku ntchito basi.

Ndiye mukagwa lumani mano pang'onopang'ono, ngati sakukumana monga dzulo, kapena pakamwa pakukanika kutseguka, kapena mlomo wam'munsi wachita dzanzi, nyamukani mupite ku A&E, komwe amalandirira odwala mwadzidzidzi kuchipatala, usiku womwewo. Za tsaya ndi diso nazonso, fupa lomwe diso limakhalirapo ndi lopyapyala ngati chikamba cha dzira, likasweka munthu amaona zinthu ziwiriziwiri makamaka akayang'ana kumwamba, tsaya ndi mlomo wam'mwamba dzanzi. Apa chonde musamine, mpweya umalowa kudzera pothyokapo diso n'kutupa nthawi yomweyo. Koma ngati munakomoka, mukusanza, diso lasiya kuona kapena m'mphuno mukutuluka timadzi toyera mbee, imbani 999 kuitana ambulansi, imeneyo ingakhale nkhani ya ubongo.

Dzino la munthu wamkulu likaguluka litoleni, gwirani kumutu kwake osati ku muzu, musalikweche, libwezeretseni pamalo pake ngati mungathe, apo ayi liikeni mu mkaka muthamange nalo ola lisanathe.

Kuchipatala si onse amapita ku fiyeta, ena timangowauza kuti adye zofewa fupa lilumikizane lokha. Ena madokotala amadzera m'kamwa momwemo n'kumanga fupa ndi tizitsulo ta titanium ndi timasikuluu, chipsera kunja sichioneka kwenikweni, koma pafupifupi masabata 6 ndi phala, supu, mbatata yopota, nyama ayi, ndipo fodya amachedwetsa kupola.

Ku Los Angeles madokotala a yunivesite ya UCLA anawerenga anthu 249 ovulala pa masikuta, lipoti lawo linatuluka mu 2019, ovala helemeti anali 4 okha pa 100 alionse. Ife tikuona zomwezo, komanso ambiri obwera usiku amakhala atalawako mowa kapena akwera awiri pa sikuta imodzi. Helemeti ya njinga imateteza mutu, valani ndithu, koma chibwano imachisiya pamtunda, yabwino ndi yotchinga mpaka kukamwa ija. Ndipo sikuta yogula nokha lamulo la kuno silikuilola pamsewu ngakhale pa pevumenti, yololedwa ndi yobwereka yokha, nayonso muyenera kukhala ndi laisensi yoyendetsera galimoto ngakhale ya provisional.