Apilo pa mlandu wobweza munthu kudziko lomwe akumufuna

Tsiku lina m'minibasi yochokera ku Chinamwali ndinamva bambo wina akunena motsimikiza kuti khothi likalamula kuti munthu abwezedwe kunja, ndiye kuti lamupeza wolakwa. Ndinangokhala chete, poti loya akayamba kulankhula m'minibasi satsika msanga. Koma si mmene zilili.

Dziko lina likapempha kuti munthu akayankhe mlandu kwawoko, nduna ndiyo imaloleza kuti nkhani iyambe, kenako imapita kwa majisitireti. Majisitiretiyo saweruza zoti munthuyo anaba kapena ayi. Amangoona ngati mlanduwo uli m'gulu la milandu yobwezera munthu, ndiponso ngati pali umboni wokwanira kuti akazengedwe.

Majisitireti akavomera, lamulo lathu la Extradition Act limapereka masiku 15 munthu asanaperekedwe, ndipo khothi liyenera kumuuza m'mawu omveka kuti ali ndi ufulu wokadandaula ku High Court. Masikuwa ndi ochepa zedi. Achibale akamayamba ndi kusonkherana ndalama ndi kudikira malume abwere, masikuwa amatha iwo osazindikira. Amene alibe loya athamangire ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Ofesi yawo ilipo konkuno ku Zomba, monganso High Court.

Ku High Court mawu oti "mwana wathu sanalakwe" sathandiza kwenikweni, chifukwa zimenezo n'zokanena kudziko lomwe akumufunalo. Jaji amamvetsera zina: kodi majisitireti anatsata malamulo? Woganiziridwayo anapatsidwa mpata wolankhula? Zikalata zochokera kunjazo n'zotsimikizika? Kodi mlanduwo si wandale, kapena akumusaka chifukwa cha mtundu wake ngakhale chipembedzo chake? Mwinanso padutsa zaka zambiri moti kumubweza kungakhale kumupondereza. Mwa zonsezi ine ndimayamba ndi zikalata, chifukwa apo ndi pomwe boma lopemphalo limaterera kawirikawiri.

Taonani za Shepherd Bushiri ndi mkazi wake Mary. Anachoka ku South Africa mu Novembala 2020. Majisitireti ku Lilongwe analamula mu Malichi 2025 kuti abwezedwe, koma High Court inadzathetsa chigamulocho chaka chomwecho. Sinanene kuti awiriwa ndi osalakwa pa milandu ya ku South Africa; inapeza kuti nkhaniyo sinayende mwachilungamo kubwalo laling'ono.

Amene sanakhutire ndi High Court angathe kupita ku Supreme Court of Appeal ku Blantyre. Makhothi onse akavomereza, nkhani imabwereranso kwa nduna, yomwe imasayina chikalata chomupereka munthuyo, ndipo nayonso ili ndi mphamvu yokana.