Musanautole mwala uja, taonani kaye pamene wagona

Chaka china mu Febuluwale, mvula ili pakati, bambo wina wachikulire anandipeza kuntchito atanyamula jumbo yolemera. Titalonjerana, anakhuthulira patebulo miyala yoposa makumi awiri, ina idakali ndi dothi lofiira. Anati, "Bambo, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma miyala iyi sikuoneka ngati inangosweka yokha. Tandiuzani, ndi manja a munthu amenewa kapena ndi mvula?"

Ndinatola umodzi n'kuutembenuza chakuwindo kuti kuwala kuumenye cham'mbali. Anali atalondola. Yambiri mwa miyalayo inali yosemedwa ndi anthu, ndipo umodzi unali wobulungira, woboola pakati. Ndiye ndinawafunsa funso limene aliyense wofukula zakale amayambira: "Munaitola pati?"

"Ina kumunda, ina m'chigwembe cha kuseri kwa sukulu. Woboolawu anandipatsa mlamu wanga." Koma kuti uwu unachokera apa, uwo apo, sanathenso kukumbukira.

Mtima unandiwawa, ngakhale kuti iwo analibe mlandu. Maso awo anali akuthwa kuposa a ophunzira ena amene ndinayendapo nawo m'tchire. Kungoti panalibe amene anawauzapo kuti zambiri zimene mwala wakale ungatiuze sizili mumwalamo. Zili m'dothi limene wagonamo.

Tiyambe ndi funso lawo lija, poti ndi limene ambiri amandifunsa. Pitani kumtsinje mukatole nsangalabwi ziwiri, ina ikhale nyundo. Menyani inzakeyo chakumphepete, mopendeketsa pang'ono. Mukamenya bwino, chibenthu chopyapyala chimathothoka, ndipo m'mphepete mwake mumakhala mwakuthwa moti mutha kusenda nacho mbuzi. Tsopano chiyang'anitsitseni. Pamwamba pali kamalo kosalala pamene nyundo inagunda. Munsi mwake, kumbali imene inali m'kati mwa mwala, pali kachotupa kosalala, ndipo kuchokera pamenepo pamayenda timizere tokhota ngati mafunde a padziwe mukaponyapo mwala. Kumsana kwa chibenthucho kumaoneka zipsera za zibenthu zina zimene zinachotsedwa poyamba. Nawo mwala wotsala m'manja uja umakhala ndi mabala olowa m'kati, ndipo lililonse likusonyeza kumene nkhonya inachokera.

Bala limodzi si umboni. Mtsinje wosefukira umagundanitsa miyala, moto wolusa umaiphulitsa, khasu ndi ziboda za ng'ombe nazo zimabenthula. Miyala ya kwale yothira mumsewu imanamizanso anthu ambiri. Koma mukaona mabala asanu kapena asanu ndi limodzi atandondozana, onse omenyedwa kuchokera mbali imodzi, lina likutsegulira linzake njira, pamenepo padutsa maganizo a munthu. Madzi satsata dongosolo lotere. Mwala umene umativutitsa ndi woyera wonyezimira uja, wotchedwa quartz, umene uli ponseponse kuno kwathu. Umasweka mosalongosoka, ndipo nthawi zina akatswiri awiri amatha kutsutsana pa kachidutswa kamodzi mpaka dzuwa kupendeka.

Luso limeneli ndi lakale kuposa mmene mutu ungaganizire. Zida zamwala zakale kwambiri zimene zikudziwika zinapezeka mu 2011 ku Lomekwi, kufupi ndi nyanja ya Turkana ku Kenya, ndipo zili ndi zaka pafupifupi 3.3 miliyoni. Zaka ngati 1.7 miliyoni zapitazo kunabwera nkhwangwa yam'manja, yopanda mpini, yosemedwa mbali zonse ziwiri, yosongoka kutsogolo ndi yonenepa kogwirira. Anthu anaisema mofananamo kwa zaka zoposa miliyoni imodzi. Zambiri zotere zinafukulidwa pa mathithi a Kalambo, m'malire a Zambia ndi Tanzania, kumene katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anayamba kukumba m'zaka za m'ma 1950. Kuno ku Malawi, chibwano cha munthu wakalekale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni chinapezeka ku Uraha m'boma la Karonga mu 1991.

Koma miyala imene yadzaza m'dothi lofiira la ku Karonga ndi ya nyengo yapakati ya zida zamwala, ya anthu amene akanati akhale nafe pabwalo lero sitikanawadabwa. Kasemedwe kawo ndimakakonda kwambiri. Munthu ankayamba wakonza mwala wonse, kuusadza m'mbali mozungulira ndi kuuwongola pamsana, osafuna kanthu pa zibenthu zoyambazo. Kenako ankamenya kamodzi kokha, ndipo chimene chinkathothoka chinali chida chimene anachiona m'maganizo asanayambe. Zili ngati wosema mtondo amene amauona mtondowo uli m'kati mwa chipika. Ukagwira mwala wotere n'kutsata mabala ake mmodzimmodzi, umaona pamene analakwitsa, pamene anautembenuza kuti akonze cholakwacho, ndi pamene anagwa ulesi n'kuutaya.

Tsopano tibwere ku nkhani ya dothi. Ku Karonga komweko kuli malo otchedwa mudzi wa Mwanganda. M'zaka za 1965 ndi 1966, Clark ndi anzake anafukulapo mafupa a njovu yakale, ndipo pafupi ndi mafupawo panali zida zamwala zambirimbiri. Zinaoneka zachidziwikire kuti alenje anasendera njovu pamenepo, ndipo malowa anatchuka padziko lonse ndi mbiri imeneyo. Patapita zaka zoposa 40, gulu lina la akatswiri lotsogozedwa ndi Jessica Thompson, mogwirizana ndi a ku nthambi ya boma yoona zakale, linabwerera kukakumbanso. Iwo anaunika dothilo mosamala, mpaka kudula tizidutswa take n'kutiika pa makina okuza zinthu. Anapeza kuti madzi anasuntha ndi kusakaniza zinthu pamalopo, kotero n'zokayikitsa kuti miyala ija ndi imene inasenda njovuyo. Mafupa ndi omwewo, miyala ndi yomweyo, koma nkhani inasintha. Ndipo anatha kuikonza chifukwa oyamba aja analemba ndi kujambula pamene chilichonse chinagona, komanso anasiya mbali ina ya malowo osaikumba. Akanangotolera zonse m'thumba, bwenzi lero tilibe pogwira.

Anthu ambiri amaganiza kuti tili ndi makina amene timaikamo mwala n'kutiuza zaka zake. Ayi ndithu. Mwalawo paokha unapangika kalekale anthu kulibe. Chimene tikufuna ndi nthawi imene munthu anausema, ndipo imeneyo imadziwika ndi zimene zagona nawo limodzi. Makala a pamoto, fupa kapena chikamba cha nkhono zimapimidwa ndi njira ya kaboni, imene imafika zaka pafupifupi 50,000 basi. Kupitirira apo timadalira mchenga. Kamchenga kakakwiririka, kamayamba kusunga pang'onopang'ono mphamvu yochokera m'nthaka, ndipo kakangoona dzuwa mphamvuyo imafufutika. N'chifukwa chake timakhomera paipi m'khoma la dzenje n'kuitseka mbali zonse, kuti mchengawo ukatsegulidwe m'chipinda chamdima ku labotale. Kuchuluka kwa mphamvuyo kumatiuza kuti mchengawo unaona dzuwa komaliza liti, ndiye kuti mwala umene unali m'katimo unakwiririka nthawi yomweyo. Mukauzula mwala m'khoma la chigwembe, mwaulekanitsa ndi mboni yake yokhayo.

Njira zoterezi, pamodzi ndi makala ndi mungu wa zomera zimene zinapezeka m'matope a pansi pa nyanja ya Malawi, ndi zimene zinachititsa akatswiri kulengeza mu 2021 kuti anthu a kumpoto kwa nyanjayi anali atayamba kale kusintha tchire ndi moto zaka pafupifupi 85,000 zapitazo. Ndikaona utsi wa lupsa m'mapiri mwezi wa Okutobala, ndimakumbukira zimenezi.

Nyengo yotsiriza ya zida zamwala ndi imene ili pafupi ndi nthano zathu. Zida zake ndi ting'onoting'ono, tina ngati chikhadabo, tosongoka mbali imodzi ndi tobuntha kumsana. Ankatimata ndi utomoni kumutu kwa muvi kapena m'kamtengo kuti tikhale mpeni. Timapezeka kwambiri m'mapanga: pa phiri la Hora ku Mzimba, kumene anayamba kukumba mu 1950, ku Fingira pa Nyika, ndi ku Chencherere m'boma la Dedza. Ku Hora kunapezeka mafupa a mayi amene anakhalako zaka zoposa 8,000 zapitazo. Amenewa ndi anthu osaka nyama ndi otola zipatso amene agogo athu ankawatcha Akafula kapena Abatwa, aja a m'nthano ya "mwandionera pati". Zojambula zofiira za m'mapanga a ku Chongoni, malo amene UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zimatengedwa kuti ndi zawo, pamene zoyera zambiri ndi za Achewa. Ntchito ya Clark ku Chencherere ndi ya katswiri wina, Gadi Mgomezulu, m'dera la Linthipe inasonyeza kuti alimi osula chitsulo atafika, osema miyala sanangozimirira tsiku limodzi. Anakhala moyandikana kwa zaka mazanamazana, ndipo m'mapanga ena tizida tamwala timapezeka pamodzi ndi mapale a miphika ya alimi.

Mwala woboola wa bambo aja ndi wa nyengo imeneyi. Tayang'anani bowo lake: n'lotambalala kukamwa mbali zonse ziwiri, lopanikizika pakati, chifukwa ankaboola pogogoda ndi kupekesa kuchokera uku ndi uku mpaka mabowo awiriwo atakumana. Ndi ntchito ya masiku ambiri. Kum'mwera kwa Africa anthu anaonedwa akuveka mwala wotere pa ndodo yosongoka kuti ilemere pokumba mizu ndi zikhawo m'nthaka youma, ndipo tikukhulupirira kuti yambiri ya kuno inkagwira ntchito yomweyo.

Palinso miyala imene sitiiona ngati yakale chifukwa tinakula nayo. Mphero ndi mwana wake, yoperera mawere ndi mapira, imapezeka m'mabwinja ambiri, ina itadyeka mpaka kubooka. Mphero yosiyidwa pakati pa tchire imakuuzani kuti apa panali mudzi, panali nkhokwe, panali mayi amene ankagwada m'mawa uliwonse. Ambiri amainyamula kukaika pakhomo kuti nkhuku zizimweramo. Sindiwadzudzula, koma bwenzi atayamba atiuza kumene anaipeza.

Amene amandidetsa nkhawa kwenikweni ndi okumba m'mapanga pofuna chuma chimene amati azungu anabisa. Ndinalowapo m'phanga lina n'kupeza dzenje lofika m'chiuno, dothi atalimwaza kunja, tizida ta quartz ndi timikanda ta chikamba cha nkhono tili mbwee padzuwa. Dothi limene linatenga zaka masauzande kuti liunjikane, lina pamwamba pa linzake monga mwa mibadwo yake, linasakanizika usiku umodzi. Chuma sanachipeze, poti munalibe. Ifenso tikamakumba timawononga, n'chifukwa chake timapala ndi kampeni komangira nyumba ndi burashi, kusefa dothi lonse, ndi kulemba malo a kachidutswa kalikonse tisanakanyamule. Dzenje limene anyamata awiri angalikumbe asanadye nkhomaliro, ife limatitengera milungu.

Nanga inu mukaupeza mwala wotere mutani? Opeza ambiri si ife ayi. Ndi alimi, abusa a ng'ombe, oumba njerwa, okumba zimbudzi ndi ogwira ntchito yamsewu. Ngati uli m'khoma la chigwembe kapena m'phanga, usiyeni pomwepo. Ikani bokosi la machesi kapena ndalama yachitsulo pambali pake kuti kukula kwake kudziwike, muujambule ndi foni pafupi, kenako mubwerere m'mbuyo mujambule malo onse, mtengo kapena phiri likuoneka. Auzeni amfumu, ndipo uthenga ufike ku ofesi ya DC kapena kunyumba zosungirako zakale, monga ya ku Chichiri mu Blantyre, ya ku Karonga, ya ku Mzuzu kapena ya ku Mangochi. Ngati khasu lauzula kale m'munda, utoleni, koma muuike m'kapepala kakekake ndi kulembapo malo ndi tsiku. Musaukweche ndi sopo, chifukwa m'mphepete mwa zida zina mumatsalira utomoni kapena zizindikiro za chimene chinadulidwa. Lamulo la dziko lino loteteza zinthu zakale limaletsa kukumba malo otere kapena kutulutsa zinthuzi kunja popanda chilolezo, choncho wina akakuuzani kuti ali ndi wogula pa intaneti, mukaneni.

Mvula itadula, ndinapita kwa bambo aja. Ananditsogolera kuchigwembe cha kuseri kwa sukulu, mdzukulu wawo akutitsata ndi mbuzi. Madzi anali atadya khoma mwatsopano, ndipo pafupifupi mkono umodzi kuchokera pamwamba panali mzere wa timiyala totuluka m'dothi lofiira, utayenda mowongoka ngati mwala woyala pamaziko a nyumba. Anaona chibenthu chimodzi chokongola ine ndisanachione. Dzanja lawo linapita lokha, koma linaima m'malere. Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa machesi, n'kuwakhazika pambali pake.

"Jambulani, bambo," anatero. Kenako anatembenukira kwa mnyamata uja. "Iwe, mbuzizo uzidutsa nazo kumunsi uko. Kuno ayi."